TISAMTAYE MWANA WOKHALA KUMBUYO KWA KALASI

Chaka chilichonse, bungwe la MANEB likangolengeza zotsatira za mayeso a Sitandade 8, funso limene limamveka pa Chiosya, monganso m'madera ena onse a boma la Mchinji, limakhala limodzi lokha: "Asankhidwa angati?" Amafunsa chomwecho amayi pa chigayo, amafunsa abambo pa msika, amafunsanso mafumu akakumana ndi mphunzitsi wamkulu pa njira. Sukulu imene yatumiza mtsikana ku Ludzi, kapena mnyamata ku sekondale yogonera komweko, dzina lake limatchuka miyezi ingapo, ndipo aphunzitsi ake amapatsidwa moni wa manja awiri. Palibe cholakwa pa chimwemwe chimenechi. Koma ife tikufuna kufunsa funso lina, limene silimveka pa chigayo: mwa ana onse amene analowa Sitandade 1 pamodzi ndi osankhidwawo zaka 8 zapitazo, kodi enawo ali kuti, ndipo anatuluka ndi chiyani m'mutu?

Yankho lake alidziwa aliyense wokhala m'derali. Ena akupalasa kabaza, ena akusoka fodya m'zigafa za eni minda ikuluikulu, ena anadutsa malire kukagwira ganyu cha ku Chipata, ndipo atsikana ambiri ali pa banja, mwana ali kumsana. Ntchito ya manja si yonyozeka, ndipo sitikudandaula za iyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa iwo anakhala pa sukulu zaka 4 kapena 5, nang'amba mayunifolomu angapo, koma lero sangathe kuwerenga malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala a mbewu, kapena kutsimikiza ngati wavenda wawawerengera bwino makilogalamu a mtedza wawo. Ana amenewa sanalephere pa tsiku la mayeso ayi. Analephera kale, tsiku limene akuluakulu, kunyumba ndi kusukulu komwe, anagwirizana mwakachetechete kuti "uyu mutu wake ngwouma," nasiya kuyembekeza kanthu kwa iye.

Akuluakulu athu amakonda kunena kuti maphunziro akale ndiwo anali maphunziro, ndipo pa zina sanama. Boma lino likadali kutchedwa Fort Manning, amishoni a ku Kachebere, ku Guilleme, ku Ludzi ndi a mipingo ina ndiwo ankayendetsa masukulu ambiri a m'midzi, ndipo munthu wa Sitandade 6 wa masiku amenewo ankalembera mudzi wonse makalata opita ku Salisbury ndi ku Johannesburg, m'zilembo zowongoka ngati mizere ya m'munda wa chitsanzo. Woyendera sukulu akatulukira, ankayang'ana masileti, zikhadabo, kalembedwe ndi kuchulukitsa kwa pamtima, mphunzitsi thukuta lili kamukamu. Koma otamanda nthawi imeneyo amaiwala kuwerenga anzawo amene sanapondeko pa khomo la sukulu chifukwa cha kusowa fizi. Sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, ophunzira ake oyamba anali pafupifupi 90 okha m'dziko lonse. Muyeso unali wokwera ndithu, koma khomo linali la nkhuku.

Titalandira ufulu wodzilamulira masukulu anachuluka, komabe malo a ku sekondale anakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi ofuna kulowamo. Owerenga athu achikulire akukumbukira anyamata a ndevu amene ankabwereza Sitandade 8 katatu kapena kanayi, ena mpaka kusintha dzina ndi kusamukira kwa amalume ku dera lina, pofuna kuti mwina chaka chimenecho mwayi uwagwere. Mu Novembala 1981, Dr. H. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Kumeneko kunkapita ana ochepa okhoza koposa ochokera m'maboma onse, kukaphunzira popanda kulipira, pansi pa aphunzitsi ochokera kunja, ndipo aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Anthu anenapo zambiri za sukulu imeneyi, zoyamikira ndi zodzudzula, makamaka pa ndalama zochuluka zimene inkadya pamene masukulu a m'midzi analibe madesiki. Koma inatsimikiza chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchitaya: mwana wobadwira m'nyumba ya udzu, akapatsidwa mabuku, chakudya ndi aphunzitsi omuyembekeza kuchita bwino, amakhoza mayeso omwewo amene amalemba ana a ku England. Vuto lake linali lakuti phunziro limeneli tinaligwiritsa ntchito pa ana ochepa okha. Maphunziro athu onse anali ngati sefa ya ufa: zosalala zipite, misere itsale.

M'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kuti tibwerere m'mbuyo. Koma zipinda zophunziriramo sizinakwane, mabuku sanakwane, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji, n'kuwaphunzitsa ntchito ali pa ntchito pomwepo. Khomo linatseguka kwa onse, koma maganizo a sefa aja anatsala m'mitu yathu osasintha. Kale misere inkatsala kunja kwa sukulu. Tsopano inalowa m'kalasi, nikhala pansi kumbuyo.

Aliyense amene analowapo m'kalasi la Sitandade 1 kapena 2 pa sukulu ya kumudzi adziwa chimene tikunena. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma m'makalasi oyambirirawa si chachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pa simenti kapena pansi pa mtengo wa mango. Mphunzitsi akafunsa funso, timikono 10 kapena 15 ta kutsogolo timakwera: "Ine aphunzitsi! Ine aphunzitsi!" Iye amasankha mmodzi, yankho likhala lolondola, onse aombe m'manja, phunziro lipitirire. Akalemba mawu pa bolodi, kalasi lonse limabwereza mokweza ngati kwaya, ndipo wodutsa pa msewu amaganiza kuti ana onse akuwerenga. Koma mutamtenga mwana wa kumbuyo payekha, n'kumulozera chilembo chimodzi cha pakati pa mawu omwewo, amangoyang'ana pansi n'kumakanda simenti ndi chala. Mwanayo si wopusa. Wangophunzira msanga kuti m'chipinda chimenecho palibe amene adzamufunse kanthu. Chaka chikatha amabwereza kalasi, chaka chinacho abwerezanso, kenaka amakula msinkhu pakati pa tiana, manyazi n'kumugwira, ndipo tsiku lina la msika sabweranso.

Tikudziwa kuti ena atiyankha kuti zala za m'manja sizilingana. N'zoona kuti ana sagwira zinthu pa liwiro lofanana. Koma mawu amenewa akhala ngati bulangete lofundira ulesi wathu, pakuti timawanena tisanayese n'komwe. M'chaka cha 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ina ya pulaimale ku California m'dziko la America. Aphunzitsi anauzidwa kuti ana akutiakuti aonetsa zizindikiro zoti achita bwino kwambiri chaka chimenecho, pamene kunena zoona mayina a anawo anangotoledwa mwachisawawa. Pakutha pa chaka, ana otchulidwawo, makamaka a m'makalasi awiri oyambirira, anapitadi patsogolo kuposa anzawo. Akatswiri akhala akutsutsana za kukula kwa kusiyanako, koma mfundo yake mphunzitsi aliyense woona mtima aizindikira: mwana amene umamuyesa wanzeru umamufunsa kawirikawiri, umamudikira akamaganiza, ndipo akalakwa umamuwongolera. Amene umamuyesa mbuli umamulumpha.

Chitsanzo china chili pafupi, kwa anansi athu a ku Kasungu. William Kamkwamba wa ku Wimbe, dera losatalikirana ndi Mtunthama, sanasankhidwe kupita ku sukulu yotchuka iliyonse. Anayamba Folomu 1 pa sekondale yoyendera ya kwawo, ndipo njala ya 2001 ndi 2002 itavuta anasiya chifukwa makolo ake analibe fizi. Malinga ndi muyeso wa sefa, iyeyu anali msere. Komabe powerenga mabuku a sayansi a m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, anamanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakutha ndi zitsulo zotola kudzala. Pambuyo pake anakaphunzira ku Dartmouth College ku America, natsiriza mu 2014. Sitikunena kuti mwana aliyense wa pa Chiosya adzamanga makina otere. Tikungofunsa kuti, kodi ndi angati a nzeru zoterezi amene akuweta ng'ombe m'madambo a Mchinji lero, amene sanapeze ngakhale buku limodzi loti liwadzutse? Ndipo taonani chimene chinampulumutsa mnyamata ameneyu: ankatha kuwerenga. Pakanapanda zimenezo, laibulaleyo ikanakhala chipinda cha mapepala chabe.

Apa m'pamene pagona nkhani. Anthu ambiri akamva za kukweza muyeso wa maphunziro amaganiza za Sitandade 8: ana kuwerenga usiku ndi nyali, mayeso oyeserera mwezi ndi mwezi, kuphunzira ndi pa tchuthi pomwe. Masukulu ambiri amaika aphunzitsi awo odziwa ntchito koposa ku kalasi limeneli, nthawi zina atatu kapena anayi pa ana 40, pamene khamu la Sitandade 1 lasiyidwa m'manja mwa munthu mmodzi. Kumeneku n'kuthira feteleza chimanga chitamasula kale ngayaye. Mlimi aliyense wa ku Mchinji adziwa kuti mbewu ikapinimbira m'masabata oyamba, ngakhale uthire thumba lathunthu pambuyo pake, chisononkho chake chimakhala chaching'ono. Palinso chizolowezi china chimene chimachitika m'malo ena ndipo tiyenera kuchitchula poyera: kutsekereza ana ofooka mu Sitandade 7, kapena kuwalangiza kuti asalembe mayeso, n'cholinga chakuti chiwerengero cha okhoza pa sukulupo chioneke chokongola. Sukulu yotero imatamandidwa ku boma, koma yakwera pa misana ya ana amene yawataya.

Muyeso weniweni uyenera kuyamba pansi, ndipo ukhale wooneka ndi maso. Mwana womaliza Sitandade 2 azitha kuwerenga yekha kankhani kakafupi ka Chichewa ndi kufotokoza zimene wawerenga. Womaliza Sitandade 4 azitha kulemba kalata yomveka ndi kuwerengera ndalama za matumba a soya popanda kuloza zala za kumapazi. Zimenezi zikhale za mwana aliyense, wa mfumu ndi wa tenanti yemwe. Boma linaona kale vutoli. Mu 2013 linakhazikitsa lamulo la maphunziro lonena kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulaimale, mu 2015 Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa miyeso 26 yoyezera masukulu onse a pulaimale ndi sekondale, ndipo mu 2016 unayambitsa ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira m'dziko lonse, ana n'kulandira mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi. Zonsezi n'zabwino. Koma lamulo lokhala m'kabati ya mphunzitsi wamkulu siliphunzitsa mwana, ndipo buku losungidwa m'katoni poopa kuti lingang'ambike n'chimodzimodzi buku limene silinasindikizidwe. Ndi bwino buku lithe ndi manja a ana kusiyana n'kuti lithe ndi chiswe.

Sitikufuna kuti aphunzitsi atimve ngati tikuwaimba mlandu okha. Tikudziwa mmene amavutikira. Ambiri alibe nyumba pa sukulu, amapalasa njinga mtunda wautali m'matope a Januwale, ndipo kuchonga makope 120 tsiku lililonse si ntchito ya munthu mmodzi. Kumanga zipinda, kulemba aphunzitsi okwanira ndi kuwatumiza kumidzi m'malo mowaunjika pa boma, umenewo ndi udindo wa boma, ndipo tipitiriza kulikumbutsa. Komabe pali zina zosafuna ndalama. Mphunzitsi angathe kusinthasintha malo okhala, kuti wa kumbuyo sabata ino akhale kutsogolo sabata ya mawa. Angathe kufunsa potchula dzina m'malo modikira mkono. Angathe kutsala ndi ana 10 otsalira kwa theka la ola anzawo ataweruka. Mwana wosaona bwino, monga ambiri mwa ana achialubino, kapena wosamva bwino, akangokhazikidwa pafupi ndi bolodi amasintha ngati wasanduka munthu wina. Ndipo mawu oti "mbuli iwe" achoke pakamwa pa mphunzitsi, pakuti mwana amawakhulupirira kuposa phunziro lililonse limene angamve tsiku limenelo. A PEA nawonso, poyendera masukulu a m'zoni mwawo, asamangoona masikimu olembedwa bwino mu ofesi. Azilowa mu Sitandade 2, asankhe okha ana asanu a kumbuyo, awapatse buku.

Tinenepo za atsikana, chifukwa pa iwo ndi pamene chiyembekezo chathu chimatsika kwambiri. Mtsikana amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi ndi kusesa, mlongo wake akadali m'tulo, ndipo akafika m'kalasi mochedwa ndi wotopa timati masamu si a akazi. Akangotha msinkhu, ena amayamba kumuyang'ana ngati mkazi wa munthu amene akungodikira tsiku. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Magulu a amayi a pa sukulu agwira ntchito yotamandika yobweza ana otere. Koma kumubweza mtsikana n'kumukhazika pakona, osamufunsa funso chaka chonse ngati mlendo wongopempha pogona, ndiko kumuthamangitsanso kachiwiri mwaulemu.

Nanga makolo? Pali bodza limene limanenedwa kawirikawiri lakuti anthu osauka a kumudzi safuna sukulu. Boma la Mchinji lomweli ndilo linatsutsa bodzali. Mtukula Pakhomo unayambira kuno mu 2006, ndipo ofufuza amene anatsatira mabanja olandira ndalamazo anapeza kuti ana awo ankalembetsa sukulu mochuluka ndi kujomba mochepa kusiyana ndi kale. Kholo likapeza sopo, kope ndi phala la m'mawa, limatumiza mwana. Chimene chikusowa m'midzi mwathu ndi chizolowezi chofunsa. Bambo amene amayendera munda wake wa fodya m'mawa uliwonse, n'kuona ngakhale tsamba limodzi lodyedwa ndi mbozi, amatha chaka chathunthu osatsegula kope la mwana wake. Amati, "Ine sindinaphunzire, ndikaonamo chiyani?" Koma ngakhale wosadziwa kuwerenga angathe kuona ngati m'kope muli cholembera chofiira cha aphunzitsi kapena mulibe. Angathe kunena madzulo kuti, "Mwanawe, tandiwerengera apa ndimve," n'kuzindikira ngati mwanayo akuwerenga kapena akungoimba zoloweza. Kuno kwathu kumene amalume ali ndi mawu pa mbumba yawo, iwonso funso limeneli likuwakhudza. Malume amene amaitanidwa pa ukwati wa mphwake, aziitanidwanso mphwakeyo akajomba sabata yathunthu nthawi yothyola fodya kapena yokumba mtedza.

Vuto lomweli limawatsata ana mpaka ku sekondale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo amene kale ankatchedwa ma MCDE anasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, ma CDSS, ndipo lero ndiwo amalandira ana ambiri osankhidwa. Koma mwana akasankhidwira kumeneko, anthu amamuyamikira ndi mawu ozizira, ngati wapatsidwa mkute. Iye amamva, aphunzitsi ake amamvanso, ndipo onse amayamba Folomu 1 atagonja kale. Chikhalirecho mayeso a MSCE amene adzalembe ndi omwewo amene adzalembe mnzake wa ku sekondale yogonera. N'zoona kuti ambiri mwa masukuluwa alibe chipinda choyeserera za sayansi kapena laibulale, ndipo boma liyenera kuchita manyazi ndi zimenezi. Koma silabasi yosamalizidwa, maphunziro oyamba mochedwa ndi kuweruka dzuwa lisanafike pamutu, zimenezo sizichokera ku Lilongwe.

Tikupempha tsono mafumu, makomiti a sukulu ndi makolo a pa Chiosya ndi madera ozungulira kuti pa msonkhano wotsekera teremu asinthe kachitidwe. Mwambo wathu ndi woitana woyamba, wachiwiri ndi wachitatu m'kalasi lililonse, kuwapatsa kope ndi pensulo, anthu n'kululutira. Zimenezo zipitirire. Koma zikatha, mphunzitsi wamkulu aimirire ndi kuuza msonkhano kuti mu Sitandade 2 muli ana angati, ndipo mwa iwo ndi angati amene akutha kuwerenga okha. Nyakwawa itenge kaundula wa kalasilo, itseke maso, iloze mayina asanu, ndipo anawo awerenge ndime imodzi imodzi pamaso pa aphunzitsi awo ndi anthu awiri a komiti, pambali, kuti wolephera asachititsidwe manyazi pa gulu. Chiwerengerocho mlembi wa komiti achilembe m'buku, pamodzi ndi mayina a ana amene akufunika kutsala nawo masana ndi dzina la mphunzitsi amene adzatsale nawo. Teremu yotsatira, bukulo litsegulidwenso pa tsamba lomwelo.